Mliri unatha, koma mitima ya ambiri kuno ku Joni sinakhazikikebe

Kutchalitchi kwathu ku Rosettenville kuli mayi ena amene kwa nthawi yaitali ankadandaula BP. Tikatuluka m'mapemphero ankandikokera pambali. "Achemwali, usiku mtima umangothamanga ngati ndikuthawa chilombo. Ndikapita kukiliniki akuti BP ili bwinobwino, shuga ali bwinobwino. Nanga chikundidya n'chiyani?"

Mayiwa amagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba za anthu kumpoto kwa mzinda. Mu Januwale 2021 agogo amene ankawasamalira anatsirizikira m'manja mwawo ndi COVID-19, ambulansi isanafike. Patangotha masabata awiri, amayi awo owabereka anamwalira ku Mulanje. Mwezi umenewo malire a pamtunda, kuphatikizapo Beitbridge, anali otseka kwa anthu ambiri: mlendo ankatha kutuluka, koma kubwerera inali nkhani ina, ndipo kumudzi kunali ana odalira ndalama ya kuno. Maliro anawaonera pa foni, mlongo wawo ataimirira patali ndi manda. Kutacha anakwera takisi kukafunafuna ntchito ina.

Chimene chinkawadya mayiwa si BP, si ufiti, ndiponso si misala. Ndi chinthu chimene chinagwira anthu ambiri m'nthawi ya mliri, makamaka osamalira odwala, ndipo chili ndi kayendedwe kake kodziwika bwino. Vuto lathu n'lakuti m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku pakati pa "ndili bwino" ndi "wapenga" palibe mawu ambiri. Timangoti maganizo, kapena nkhawa, n'kusintha nkhani.

Munthu woyamba kupezeka ndi kachilomboka mu South Africa analengezedwa pa 5 Marichi 2020 ku KwaZulu-Natal. Pakati pa usiku wa pa 26 Marichi, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaika dziko lonse pa m'bindikiro wa masiku 21, umene kenaka unawonjezeredwa. Asilikali anadzaza m'misewu ya Hillbrow ndi Alexandra. Malamulo a nthawi ya ngozi anatha mu Epulo 2022, patapita zaka ziwiri. Boma linawerenga anthu oposa 100,000 omwalira ndi COVID-19, koma bungwe la South African Medical Research Council, powerenga imfa zonse zopitirira mlingo wa zaka za m'mbuyo, linapeza pafupifupi 300,000. Imfa iliyonse pamenepo inasiya anthu angapo olira, ndipo inadutsa m'manja mwa munthu wina amene anayesa kuiletsa.

Kuti timvetse chimene chinachitika m'mitima, tiyambire m'thupi. Ukakumana ndi njoka m'munda, ubongo sudikira kuti uganize. Umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timeneti timatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga kuti magazi afike m'miyendo, mpweya umafupika, m'mimba mumaleka kugaya, tulo timathawa. Zonsezi n'zabwino, ndizo zimakupulumutsa. Njoka ikalowa m'tchire, thupi limatsika pang'onopang'ono, madzulo n'kumafotokoza nkhaniyo mukuseka. Mliri unali njoka yosaoneka ndi yosachoka. Inali pachitseko cha takisi, pa ndalama ya chenje, m'chifuwa cha mwana wako. Thupi likakhala tcheru miyezi ndi miyezi limazolowera, ndipo ngozi ikatha silidziwa kuti yatha. Ndiye munthu amadzidzimuka 2 koloko usiku mtima ukugunda, mutu umaphwanya, m'mimba mumawotcha ngati muli zilonda, amakwiya ndi zazing'ono, amaiwala pamene waika makiyi. Makina a kukiliniki sapeza kanthu chifukwa mtimawo ndi wabwino. Chimene chikuuthamangitsa ndicho sichioneka pa makina.

Pali zinthu zimene zimakulitsa vutoli, ndipo mliri unabwera nazo zonse pamodzi: kusadziwa kuti zidzatha liti, kusakhala ndi mphamvu yosintha kanthu, ndi kukhala wekha. Chomalizachi ndicho chinapweteka kwambiri, pakuti mankhwala amene anthu takhala tikugwiritsa ntchito chiyambire pa mantha ndi chisoni, ndiko kusonkhana, anasanduka njira yofalitsira matenda. Mu Marichi 2022 bungwe la World Health Organization linanena kuti m'chaka choyamba cha mliri matenda a nkhawa ndi kukhumudwa anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse, ndipo achinyamata ndi amayi ndiwo anakhudzidwa kwambiri.

A m'zipatala anasenza zonsezi kuwirikiza. Bungwe lomwelo linayerekeza kuti pakati pa Januwale 2020 ndi Meyi 2021 ogwira ntchito zaumoyo pakati pa 80,000 ndi 180,000 anafa ndi COVID-19 padziko lonse. Namwino ankalowa shifiti akudziwa kuti bedi limene akuyala lero linagonedwa ndi mnzake wa mu wodi yomweyo sabata yatha. Pobwerera kunyumba ankavulira zovala pakhomo, kusamba asanagwire mwana, ena kugona chipinda chapadera kwa miyezi. M'takisi anthu ankasuntha akaona yunifolomu.

Kuno ku Gauteng nthawi yowawitsa inali ya Juni ndi Julayi 2021, pamene mtundu wa kachilomboka wotchedwa Delta unafika. Miyezi iwiri m'mbuyomo, pa 16 Epulo, chipatala cha Charlotte Maxeke, chimodzi mwa zikuluzikulu mu Johannesburg, chinapsa ndi moto n'kutsekedwa, odwala n'kusamutsidwa. Mtolo wake unagwera zipatala za Chris Hani Baragwanath, Helen Joseph ndi zina zimene zinali zodzaza kale. Ngakhale zipatala zolipira zinasowa mabedi. Mkati mwa zimenezo munabuka zipolowe za Julayi, zimene zinapha anthu oposa 300 ku Gauteng ndi KwaZulu-Natal, misewu n'kutsekeka, ena ogwira ntchito osatha kufika kuchipatala.

Akatswiri amasiyanitsa mabala awiri amene anthu otere amatuluka nawo, ndipo kusiyanaku n'kofunika. Loyamba amalitcha burnout, kutheratu ngati kandulo. World Health Organization inalifotokoza mu 2019 ngati vuto lochokera ku ntchito, osati matenda paokha, ndipo lili ndi zizindikiro zitatu: mphamvu zimatha moti ngakhale kugona sikuzibweza, mtima umauma pa ntchito ndi pa anthu amene ukuwatumikira, ndipo umayamba kuona kuti zimene ukuchita zilibe phindu. Namwino amene kale ankacheza ndi odwala amayamba kuwatchula ndi nambala ya bedi. Ife odikirira pa benchi timati ndi wamwano, ndipo nthawi zina ndi mwanodi umene sitiyenera kuuvomereza. Koma kawirikawiri ndi munthu amene mtima wake watseka chitseko kuti asagwe.

Bala lachiwiri ndi lozama, ndipo dzina lake, moral injury, linayambira kwa asilikali obwera kunkhondo. Ndi kuvulala kwa chikumbumtima. Kumabwera munthu akachita, kapena akalephera kuletsa, chinthu chimene mtima wake umadziwa kuti n'cholakwa, kapenanso akaona kuti akuluakulu amene anawadalira amupereka. Taganizani dokotala amene ali ndi makina amodzi othandiza kupuma ndi odwala atatu. Amasankha motsatira malamulo, ndipo mwina wasankha bwino, koma nkhope za awiri enawo amapita nazo kunyumba. Taganizani namwino amene anauza mwana kuti sangalowe kukatsanzika bambo ake, kenaka n'kugwirizira foni pakhutu la bamboyo pamene mwanayo akulira tsidya lina, n'kuchita zomwezo kangapo usiku umodzi. Munthu ameneyu kumuuza kuti apume sabata imodzi sikumuchiritsa, chifukwa chimene chikumudya si kutopa. Ndi mlandu umene akudzizenga yekha. Ndipo pamene iwo ankabwereza masiki, ndalama zogulira zodzitetezera ku Gauteng zinali pa kafukufuku wa katangale, nkhani imene inachotsetsa nduna ya zaumoyo ya chigawochi, Bandile Masuku, mu Okutobala 2020. Mu Ogasiti 2021 Babita Deokaran, mkulu wa za chuma m'dipatimenti ya zaumoyo amene ankaulula zachinyengo, anawomberedwa pakhomo pake kum'mwera kwa Johannesburg. Wogwira ntchito akamaona zotere, mawu oti ndinu ngwazi zathu amamveka ngati chipongwe. Ine mawu a ngwaziwo sindinawakonde chiyambire. Ngwazi siloledwa kunena kuti yatopa.

Izi sizinali zachilendo kwa odziwa. Mliri wina wa chifuwa wotchedwa SARS utatha mu 2003, ofufuza ku Toronto, ku Canada, anapeza kuti ogwira ntchito m'zipatala zimene zinasamalira odwalawo anali akadavutikabe mumtima patapita chaka mpaka zaka ziwiri. Pa nthawi ya nkhondo munthu amalimba chifukwa palibe mpata wogwa. Amagwa zinthu zikakhala bata.

Tikamati ogwira ntchito zaumoyo timaona madokotala ndi anamwino. Koma wodi imakolopedwa ndi munthu, mtembo umakankhidwa ndi munthu, ndipo m'nyumba zambiri za Johannesburg nkhalamba imasambitsidwa, kudyetsedwa ndi kutembenuzidwa ndi mayi wochokera ku Malawi kapena ku Zimbabwe. Ameneyu anagwira ntchito ya namwino wopanda maphunziro a namwino, wopanda mnzake wosinthana naye, wopanda bungwe lomuyankhulira. Ena anatsekeredwa m'nyumba za mabwana awo miyezi, osaloledwa kukaona ana awo ku Diepsloot kapena ku Cosmo City poopa kuti abweretsa matenda. Ena anauzidwa tsiku limodzi kuti asabwerenso. Ndipo wokalambayo akamwalira, banja limalira, anthu amabwera ndi maluwa, koma amene anamusamalira zaka zisanu palibe womupepesa. Amataya munthu, ntchito ndi pogona tsiku limodzi.

Kwa ambiri a ife mantha a njala anaposa mantha a matenda. Boma linakhazikitsa thandizo la R350 pamwezi, poyamba kwa nzika, okhazikika mwalamulo ndi othawa kwawo ovomerezeka. Mu Juni 2020 khoti linalamula kuti ofunsira chitetezo ndi a ziphaso zapadera awonjezeredwe. Mmalawi wa m'galadeni, telala wa ku Fordsburg, mlonda wopanda mapepala, ambiri sanali m'magulu amenewa. Lenti inkadikira, ndipo foni yochokera kumudzi inkalirabe. Munthu amene banja lonse limamutcha wa ku Joni sanganene kuti wagona ndi njala. Amene analephera anakwera mabasi obwerera kwawo mu Meyi 2020, ndipo ambiri timakumbukira anthu mazanamazana amene anaikidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre n'kuthawapo. Kumudzi anawalandira ndi mawu oti abweretsa korona. Kuchoka monyadira n'kubwerera chimanjamanja, anthu akukuthawa, ndi bala limene silioneka pa X-ray.

Koma pamene ndikufuna kuimapo nthawi ndi pa maliro, chifukwa ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene Amalawi tinavulala mwapadera. Maliro a kwathu si mwambo wongotaya nthawi. Amagwira ntchito. Uthenga ukamveka anthu amasiya khasu. Amayi amalowa m'nyumba ya siwa n'kulira nawe mokweza, kuti kulira kwako kusakhale kwachilendo. Abambo amagona panja pa moto. Makwaya amaimba usiku wonse. Umaona nkhope, umaona bokosi likutsika, umamva dothi la adzukulu likugwera, ndipo maso ako amauza mtima chimene makutu okha sangauuze: wapitadi. Aliyense wobwera kudzapepesa amafunsa kuti zinayenda bwanji, ndipo umafotokoza kakhumi, kamakumi awiri, mpaka nkhaniyo itapeza malo ake m'mutu mwako. Kenaka pamabwera kumeta, kapena sadaka kwa abale athu Achisilamu, tsiku limene mudzi umakuuza kuti tsopano ukhoza kuyambanso kuyenda. Akatswiri a maganizo akamathandiza wofedwa amachita zofanana ndi zimenezi: amamuthandiza kuvomereza kuti imfa yachitika, kufotokoza nkhani yake mobwerezabwereza pamalo otetezeka, ndi kubwerera pang'onopang'ono ku moyo.

Mliri unadula zonsezi. Kuno maliro analoledwa anthu 50 okha m'nthawi zovutitsa, ndipo kuchezera usiku kunaletsedwa. Mitembo inkakulungidwa m'mapulasitiki, mabokosi osatsegulidwa. Ife amene timasonkherana kuti m'bale akagone kwawo, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, tinaona ena akuikidwa kuno pakati pa alendo. Ndipo a kumudzi ankapita ife tili kuno. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma la Malawi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo masabata amenewo foni ikalira usiku manja ankanjenjemera usanayankhe. Chisoni chosalirika sichisungunuka. Chimakhala pansi n'kumadikira. M'buku la matenda la World Health Organization tsopano muli vuto la chisoni chokhalitsa: pamene papita miyezi yoposa 6, ndiponso kupitirira nthawi imene chikhalidwe cha munthuyo chimayembekezera, iye akadali womangika pa womwalirayo moti sakutha kugwira ntchito kapena kukhala ndi anthu.

Si aliyense wovutika mumtima amene akudwala. Ambiri amachira okha, ndi nthawi, tulo, ntchito ndi anthu owazungulira. Koma pali malire amene a zachipatala amayang'ana. Munthu akakhala wokhumudwa kapena wosakondwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposa, kudya ndi kugona zitasokonekera, akudziona wopanda pake, amenewo ndi matenda a kukhumudwa ndipo amachizika. Akamalota kapena kuona m'maso zimene zinachitika ngati zikuchitikanso, akamazemba msewu wa kuchipatala, akamadzidzimuka ndi kulira kwa ambulansi, ndipo zapitirira mwezi, limenelo ndi bala la zoopsa zimene anaona. Abambo kawirikawiri sizionekera m'misozi. Zimaonekera m'botolo, m'ukali wa pakhomo, m'kubetcha, m'kukhala chete. Tinaleredwa kuti mwamuna salira, ndipo taika amuna ambiri amene anamvera. Ndi bwino kuyamba ndi kupimitsa thupi, popeza kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro ndi zotsalira za COVID-19 yeniyeniyo zimathanso kuthamangitsa mtima ndi kufooketsa. Koma zonse zikapezeka zili bwino, musavomere kubwerera ndi Panado yekha. Nenani mawu amene timawazemba: sindikugona, ndikuganiza kwambiri, ndinafedwa.

Ndipo munthu akanena kuti kuli bwino kungofa, musamudzudzule kapena kumuponyera vesi n'kuchoka. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwake. Kumamupatsa mpata wotula. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zina zoopsa pafupi, ndipo pitani naye kuchipatala kapena imbani 0800 567 567, nambala yaulere ya South African Depression and Anxiety Group, bungwe la konkuno ku Johannesburg. Ambiri timabisa chifukwa kwathu tinakula tikudziwa kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu m'malamulo. Kuno si mlandu.

Thandizo lilipo, ngakhale n'lochepa. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo chaumoyo, ndipo palibe woyenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Mawu ake ndi aliyense, osati nzika yokha. Ndikudziwa kuti pakhomo pa makiliniki ena pamaima a Operation Dudula, gulu lodana ndi alendo, ofunsa ziphaso, ndipo mantha amenewo amabweza anthu asanafike n'komwe. N'chifukwa chake ndimati tiziperekezana. Kwa ogwira ntchito zaumoyo, mu 2020 kunakhazikitsidwa Healthcare Workers Care Network, yowalumikiza ndi alangizi kwaulere. Komabe chigawo chino chili ndi mbiri yake yowawa pa odwala maganizo: anthu 144 anafa atasamutsidwa kuchoka ku zipatala za Life Esidimeni mu 2016 n'kuikidwa m'malo osayenera pofuna kupulumutsa ndalama. Ndipo uphungu ngakhale utakhala wabwino motani, sungakonze wodi imene namwino mmodzi akugwira ntchito ya anthu atatu. Kumuphunzitsa kupuma mozama n'kumubweza mu wodi yomweyo ndi kumuuza kuti vuto ndi iyeyo.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo chinachokera kwa anansi athu. Ku Harare dokotala wa maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri komwe timanena ifeku. Agogowo samapereka ulaliki. Amamvetsera, amathandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha limodzi lotheka, ndi kupangana chochita sabata imeneyo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti odutsa pa benchi imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, anapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse, ndipo njirayi yafikanso ku Malawi. Mabungwe athu a maliro, magulu a amayi, misikiti ya ku Mayfair ndi magulu a WhatsApp a anthu a boma limodzi ali kale ndi mabenchi ndi anthu. Chosowa ndi luso lokhala chete mnzako akamayankhula, osathamangira kunena kuti limbani mtima.

Mayi a ku Mulanje aja tinawachitira chinthu chimodzi chimene tikanayenera kuchita kale. Loweruka lina tinasonkhana m'chipinda chawo, amayi khumi ndi awiri, tinayala zitenje pansi, tinaika chithunzi cha amayi awo pa mpando, n'kuchezera usiku wonse ndi nyimbo za maliro, patapita zaka ziwiri chimwalirireni. Aliyense polowa ankagwada n'kunena kuti pepani, zinayenda bwanji, ndipo iwo ankafotokoza. Chapakati pa usiku anayamba kufotokozanso za agogo achizungu aja, mmene anawagwirira dzanja, mmene anaimbira ambulansi kanayi. Zimenezi anali asanauzepo munthu. Lolemba lotsatira mmodzi wa ife anawaperekeza kukiliniki, ndipo ulendo uno anauza namwino kuti sakugona. Masiku ano amakaonana ndi mlangizi kamodzi pamwezi, ndipo akusunga ndalama ya chiliza. Usiku wina mtima umathamangabe. Akatero amadzuka, amawiritsa madzi a tiyi, n'kuimbira mmodzi wa ife.